Mtima wako womwe ndi tsidya lina

Anzanga, musanathamangire zitumbuwa za pa bureki, taimani kaye pano. Ndikudziwa kuti mapepalawa ndi ambiri, koma nkhani yake si ya mayeso ayi. Ndi ya dokotala wina wa ku Ulaya amene anamwalira agogo athu asanabadwe, ngakhale kuti kwa ine inayambira pakhonde pathu, Lachitatu lina la teremu yathayi.

Tsiku limenelo ndinachedwa. Inu amene mumachokera tsidya la mtsinje wa Thuchila mukudziwa mmene zimakhalira mvula ikagwa usiku: matope mpaka m'akakolo, nsapato m'manja. Ndinafika belu litalira kale, ndiye chilango chinali kutchetcha kuseri kwa zimbudzi pamene anzanga akuphunzira masamu. Sindinawiringule. Ndinangoti, "Chabwino aphunzitsi," uku ndikumwetulira ngati munthu wopatsidwa mphatso. Madzulo nditafika kunyumba, mng'ono wanga wa zaka 7 anandithamangira kudzalandira chikwama monga amachitira masiku onse, mwangozi n'kugwetsera kope langa m'madzi otsukira mbale. Ndinamumenya. Osati kambama kamodzi ayi, ndinamumenya zenizeni, mpaka amayi anatuluka m'khitchini ali ndi mthiko m'manja. Kopelo silinaonongeke n'komwe, linangonyowa chikuto basi. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mwana ameneyu ndimamukonda, mbatata yootcha ndimachita kumusungira. Ndiye mkono uja anautuma ndani?

Pa holide msuweni wanga amene akuphunzira uphunzitsi ku koleji anabwera ndi manotsi ake. Ine pokhala wokonda kufufuza m'zikwama za eni, ndinapezamo mutu wa Sigmund Freud. Dzinali amalitchula kuti Froyidi, osati Fure-udi ngati mmene ndinkatchulira ine mpaka msuweniyo anagwa n'kuseka. Tinakhala masiku atatu akundifotokozera tikusenda nandolo, zina n'kumaona pa foni yake. Zimene ndinagwira ndi izi.

Freud anabadwa pa 6 Meyi 1856 m'tauni yaing'ono ya Freiberg, imene lero imatchedwa Příbor, m'dziko la Czech Republic. Anakulira mumzinda wa Vienna ku Austria ndipo anaphunzira udokotala wa mitsempha ndi ubongo. Kumeneko madokotala ankakumana ndi odwala odabwitsa. Wina mkono wauma, wina wasiya kulankhula, wina akungokomoka, koma akawayeza, thupi lonse lili bwinobwino. Kwathu kuno tikanangoti amulodza. Dokotala mnzake wachikulire, Josef Breuer, anali ndi wodwala wamkazi amene m'mabuku amamutcha Anna O. Mtsikanayu anayamba kudwala pamene ankadwazika bambo ake, ndipo panthawi ina anatha milungu ingapo osatha kumwa madzi ngakhale ludzu limupweteke bwanji. Malinga ndi Breuer, tsiku lina mtsikanayo anakumbukira kuti anaonapo galu wa mayi wina wa m'nyumbamo akumwa madzi m'kapu. Zinamunyansa kwambiri, koma chifukwa cha ulemu anakhala chete. Atainena nkhaniyo ndi mkwiyo wake wonse, anapempha madzi n'kumwa. Madokotala awiriwa analemba za odwala otere m'buku limene linatuluka mu 1895, ndipo apa ndi pamene Freud anagwira ganizo limene anafa nalo: chinthu chimene wachimeza osachinena sichifa, chimangosintha khomo lotulukira.

Makolo athu amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Freud anawonjezerapo kuti ngakhale wako womwe ndi tsidya linanso. Ganizirani chinangwa m'munda. Chimene umaona ndi mtengo ndi chigwada, koma chakudya chenicheni chili pansi. Iye anati maganizo nawo ali choncho. Pamwamba pali zimene ukuzidziwa panopa, monga kuti ukuwerenga pepala ili ndipo wina akukuponda phazi. Pansi pang'ono pali zimene sukuziganiza panopa koma ukafuna uzipeza, ngati dzina la aphunzitsi ako a Sitandade 1. Ndiye pansi penipeni pali zimene sungazifikire ngakhale utafuna: zilakolako zochititsa manyazi, mantha akale, mkwiyo umene sunaloledwe kutuluka. Zimenezi pa Chingerezi amati unconscious. Kusaziona kwako sikuziletsa kukula.

Mu 1923 anatulutsa buku lina mmene anagawa munthu patatu. M'mabuku a Chingerezi mupeza mawu akuti id, ego ndi superego, koma iyeyo polemba m'Chijeremani anagwiritsa ntchito mawu wamba a tsiku ndi tsiku: Es, kutanthauza "chija", Ich, kutanthauza "ine", ndi Über-Ich, kutanthauza "wapamwamba pa ine". Ine ndakonda amenewa, ndiye ndiziti Chija, Ine ndi Wapamwamba.

Chija timabadwa nacho. Onani khanda likamva njala: silidziwa kuti amayi ali kudimba, kapena kuti ndi pakati pa usiku, kapena kuti tili m'tchalitchi. Likufuna bere, panopa, basi. Chija sichidziwa mawa, sichidziwa manyazi, sichidziwa mtengo wa chinthu. Lamulo lake ndi limodzi, chokoma chibwere, chowawa chichoke. Ndipo sichikula. Ngakhale mwa ahedi muli Chija cha msinkhu womwewo wa khanda, kungoti iwo anaphunzira kuchigwira.

Wochigwirayo ndiye Ine. Ameneyu amakula mwana akayamba kugundana ndi dziko: moto umawotcha, nsima imadikira kuti madzi awire, ukalanda cha mnzako wamkulu umenyedwa. Ntchito ya Ine si kuletsa Chija ayi, koma kuchipezera njira yoti chidye popanda kutipha. Freud anayerekeza awiriwa ndi hatchi ndi woikwera, n'kunena kuti nthawi zambiri wokwerayo amangoilondolera kumene hatchiyo ikufuna kale. Ife hatchi sitiidziwa, koma amene munakokapo mbuzi yaikulu kupita nayo kumsika mwamva kale. Anthu m'njira amati mnyamata akupita ndi mbuzi, pamene iwe ukudziwa kuti penapake mbuzi ndi imene ikupita nawe.

Wapamwamba amabwera pomaliza, mwana ali ndi zaka ngati 5. Ndi mawu a amene anakulera, amene poyamba ankachokera kunja koma kenako analowa n'kumanga nyumba m'mutu mwako. Mbali ina ndi chimene timati chikumbumtima, chokuuza kuti usatero. Mbali inayo ndi chithunzi cha munthu amene umafuna utakhala. N'chifukwa chake umatha kuchita manyazi uli wekhawekha m'munda, popanda wokuona.

Tiyeni tiwaike atatuwa panjira. Amayi akupatsa ndalama ya kuchigayo, thumba lili pa njinga, ndiye pa tiledingi senta fungo la tchipisi lakumenya m'mphuno. Chija chikuti gula, ukanena kuti ndalama yagwa. Wapamwamba akuti wakuba iwe, mayi ako anagulitsa nkhuku kuti apeze imeneyo, ndipo kungoganiza komweko walakwa kale. Ine ali pakati, thukuta kamukamu, akuwerengera: tikagayitse kaye, tchenji ikatsala tikapemphe. Zomwezi zimachitika m'kalasi mnzako akakulozera likasa pansi pa desiki. Ife a Fomu 2 amene JCE ikutiyang'ana m'maso, msonkhano wa atatuwa timaudziwa bwino.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandidabwitsa. Ine ndinkayesa kuti Wapamwamba ndiye munthu wabwino pa nkhaniyi, koma Freud anati nayenso amatha kukhala wankhanza kuposa makolo enieniwo, ndipo amazunza kwambiri anthu amene ali kale ofatsa. Tonse tikumudziwa munthu amene amapeza 78 n'kulira tsiku lonse kuti ndi mbuli, pamene wa 31 akusewera mpira mosangalala. Woyambayo sakumenyedwa ndi munthu aliyense. Chikwapu chili m'kati.

Tsono Ine akapanikizika, uku Chija chikukoka, uku Wapamwamba akukalipa, uku dziko likukana, pamabwera nkhawa. Kuti asaphulike, Ine amanyamula zishango, ndipo amazinyamula iwe osadziwa. Mwana wake wamkazi wa Freud, Anna Freud, ndi amene anazifotokoza mwadongosolo m'buku lake la mu 1936. Chishango chachikulu ndi kukwirira: chinthu chowawa umachikankhira pansi mpaka kuiwala kuti chinachitika. China ndi kukana, ngati munthu amene akutsokomola mwezi wachitatu koma akuti ndi fumbi chabe. China ndi kupeka zifukwa zomveka bwino. Walephera Physics chifukwa sunawerenge, koma ukuti phunziroli ndi lopanda ntchito kwa munthu wofuna kudzakhala loya. Palinso kuponyera mnzako zako: iwe ndi amene ukumuchitira nsanje, koma ukuyenda ponseponse kunena kuti mtsikana uja amadana nane. Ndipo pali kubwerera ku ubwana, ngati mwana amene anasiya kale kukodza pamphasa n'kuyambiranso pakabadwa khanda m'nyumba.

Msuweni wanga atafika pa chishango chotsatira, ndinasiya kusenda nandolo. Pa Chingerezi amati displacement, ine ndikuti kusamutsa mkwiyo. Amene wakukwiyitsa ndi wamphamvu, sungamuyankhe, ndiye mkwiyowo umaunyamula bwinobwino ngati mtolo wa nkhuni, n'kukautula pa munthu amene sangabwezere. Bambo akalipidwa kuesiteti, akalipira mayi, mayi akalipira mwana, mwana aponya mwala galu. Lachitatu lija ine ndinamwetulira kuseri kwa zimbudzi, n'kuyenda ndi mtolowo makilomita onse aja, kudikira munthu wa zaka 7. Kope lonyowa linali chifukwa chongopezerapo. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti ndikanafunsidwa madzulo amenewo, ndikanalumbira kuti nkhani ndi kope, ndipo sindikananama, chifukwa ndi zimene ndinkadziwa.

Chishango chimodzi chokha ndi chimene Freud ankachilemekeza: kutenga mphamvu yoopsayo n'kuisandutsa ntchito yabwino. Waukali amakhala difenda wa timu, wokonda mikangano amalowa dibeti, wosweka mtima amapeka nyimbo ya kwaya.

Nanga zapansizo zimaoneka bwanji, poti n'zobisika? Iye anati zimatulukira m'ming'alu. Mng'alu wina ndi lilime likaterereka. Anasimba za mkulu wina wa nyumba ya malamulo ku Austria amene potsegulira msonkhano analengeza kuti msonkhano watsekedwa, ndipo Freud anati mtima wa mkuluyo sunkaufuna msonkhanowo. Ndiye iwe amene unaitana madamu kuti "amayi" pa asembule, kapena unatchula dzina la mtsikana wa Fomu 1 poyankha funso la Geography, usatiuze kuti linali lilime chabe. Mng'alu waukulu ndi maloto, ndipo buku lake lotchuka la maloto lili ndi chaka cha 1900. Kwathu ukalota ukudya nyama, agogo amadzuka ndi nkhawa kuti afiti akukudyetsa usiku. Freud akanafunsa kaye kuti ndiwo za dzulo zinali chiyani. Anasimba kuti Anna uja ali wamng'ono, asanakwanitse zaka 2, anamuletsa kudya tsiku lonse chifukwa anadwala m'mimba, ndipo usiku anamumva akutchula zakudya kutulo. Kwa ana loto limanena poyera chimene akufuna. Kwa akulu, anatero Freud, Wapamwamba sagoneratu, ndiye chofunacho chimabwera chitavala chigoba ngati gule, kuti chidutse osazindikirika.

Koma apa ine ndinatsutsa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mutsutsanso. Chichitikireni Freddy mu Malichi 2023, ine ndimalota madzi. Osati masiku onse, koma mvula ikalimba padenga ndimalota phokoso lija lochokera kuphiri, ndikuthamanga miyendo osayenda. Ndani angafune zimenezo? Msuweni anati funso lomwelo linamuvutanso mwini wakeyo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali ambiri ankalota mobwerezabwereza mabomba amene anawapulumuka, ndipo mu 1920 Freud anavomera kuti maloto otere sakukwaniritsa chofuna chilichonse. Anati maganizo amabwerera pamalo pamene anadzidzimutsidwa, ngati akuyesa kukonzekera chinthu chimene chinawapeza asanakonzeke. Kaya ndi zoona ndendende, koma zinandithandiza kudziwa kuti si misala, ndipo si ine ndekha. Nditayamba kuzinena, ndinapeza kuti pa benchi yathu yokha tilipo atatu.

Pali gawo lina limene ndidutsepo mothamanga, kuopa kuti pepalali lingachotsedwe lisanathe tsiku. Freud ankakhulupirira kuti khalidwe la munthu limaumbidwa m'zaka 5 kapena 6 zoyambirira, ndipo mwana amadutsa masitepe asanu. Poyamba chisangalalo chake chili pakamwa, kuyamwa ndi kuluma chilichonse. Kenako nkhondo ili pa kuphunzira kudzithandiza pamalo oyenera. Kuyambira zaka 3 mpaka 6 amayamba kufunsa kusiyana kwa mnyamata ndi mtsikana. Kenako pamakhala bata la zaka za ku pulayimale, mpaka kutha msinkhu, pamene tili ifepa. Anati munthu akavutika kwambiri pa sitepe ina, kachidutswa ka iye kamatsalira pomwepo, n'chifukwa chake ena amatafuna zivindikiro za mabolopeni mpaka ku Fomu 4. Pa sitepe yachitatu ndi pamene anaika chiphunzitso chake chimene chinakwiyitsa anthu ambiri, chimene anachitcha dzina la Oedipus, mfumu ya m'nthano za Agiriki. Anati kamnyamata kamafuna mayi ake akhale ake okha, n'kumaona bambo ngati wopikisana naye amene kakumuopa, ndipo pomaliza kamagonja n'kusankha kufanana ndi bambowo. Malamulo a bambo akalowa m'kati, Wapamwamba wabadwa.

Apa ndi pamene ndinaona kuti mkuluyu sanafikeko kuno. Ku Vienna wa nthawi yake bambo ndiye anali mwini nyumba, mwini ndalama, mwini chikwapu. Kwathu kuno bambo ndi mkamwini. Mudzi ndi wa amayi, munda ndi wa amayi, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Bambo anga ali ku Joni, akaimba foni timaseka, amandifunsa za mpira. Koma ndikangoganiza zothawa sukulu, mawu amene amandilankhula m'mutu ndi a amalume, ndi katsokomole kawo komwe. Ndinasangalala kumva kuti wina anazinena kale zimenezi. Bronisław Malinowski, amene anakhala zaka pakati pa anthu a pa zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea, kumene mwana amatsata mtundu wa mayi ngati ife, analemba mu 1927 kuti kumeneko mnyamata amalimbana ndi malume wake, pamene bambo amakhala ngati bwenzi. Otsatira a Freud anakana, ndipo mkanganowo unapitirira zaka zambiri. Ine pa mlandu umenewu ndili mbali ya Malinowski, ndipo mboni yanga ndi amalume.

Choncho musatenge zonse ngati Baibulo. Freud anamanga zambiri pa odwala ochepa, ambiri a iwo ochokera m'mabanja opeza bwino a mumzinda umodzi. Anna O. uja, amene dzina lake lenileni linali Bertha Pappenheim, anthu atafufuza pambuyo pake anapeza kuti sanachiriretu nthawi imeneyo, anagonekedwanso m'chipatala, ngakhale kuti kenako anadzakhala mayi wotchuka womenyera ufulu wa amayi. Zimene Freud analemba zokhudza atsikana, dokotala wamkazi Karen Horney anazitsutsa kuti ndi maganizo a mwamuna chabe. Ndipo pali vuto lina limene ngakhale ine ndinaliona: ukavomera zimene wakuuza, akuti waona, ndimanena zoona, ukakana, akuti ukukwirira. Munthu wotere ungamupambane bwanji pa dibeti? Akatswiri ambiri a lero masitepe asanu aja sawakhulupirira. Chija, Ine ndi Wapamwamba si ziwalo zoti dokotala angazione akatsegula mutu, ndi fanizo chabe. Koma zoti munthu amachita zinthu pa zifukwa zimene iye mwini sakuziona, ndiponso zoti kulankhula ndi munthu womvetsera kumachepetsa ululu, zimenezo zinatsala, ndipo uphungu umene timaumva masiku ano unamera pamenepo.

Mwini wakeyo zishango sizinamusiye. Ankasuta ndudu zikuluzikulu zambirimbiri patsiku, mu 1923 anamupeza ndi khansa ya m'kamwa, anachitidwa maopaleshoni oposa 30, koma fodya sanasiye. Poti anali Myuda, a chipani cha Nazi anawotcha mabuku ake ku Berlin mu 1933, ndipo atalanda Austria mu 1938 anathawira ku London, kumene anamwalira pa 23 Sepitembala 1939 ali ndi zaka 83.

Za mng'ono wanga, ndinatenga milungu iwiri ndisanapeze pakamwa. Wapamwamba ankati pepesa, koma mawu ena, kaya ndi a ndani, ankati mkulu sapepesa mwana. Tsiku lina tikuchokera kotunga madzi ndinangoti, "Iwe, tsiku lija sunalakwe ndiwe. Ndinakwiya ndi zina za kusukulu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye achimwene, a kusukuluwo munawamenyanso?" Ndinati ayi. Anati, "Chifukwa ndi aakulu eti?" Ndinati eya. Sanayankhenso, anangosintha dzanja pa chigubu n'kupitiriza kuyenda.

Sabata yatha ndinachedwanso, ndinatchetchanso. Pobwerera, ndili pafupi ndi mlatho, ndinaumva mtolo uja uli paphewa, ndipo ulendo uno ndinaudziwa dzina. Nditafika sindinalowe m'nyumba. Ndinatenga nkhwangwa n'kukawaza chitsa cha mango chimene amayi akhala akundiuza kuyambira Juni. Mng'ono wanga anaima patali, chikwama changa chili m'manja, akudikira kuti aone kaye. Chikwamacho anachigwira ndi manja awiri.

Manotsi a msuweni ndinakopera, ali m'kope lomwe lija lonyowa chikuto. Wofuna kuwerenga andipeze ku Fomu 2 pa bureki, koma abwere ndi manja osagwira mafuta a zitumbuwa.